Denver mpaka kumapeto: zolemba za NBA Jam pa Game Gear yanga

Loweruka madzulo

Ntchito imene ndadzipatsa ndi iyi anzanga: kumenya matimu onse a mu NBA Jam, gemu ya basiketibolo, pa Game Gear, kamakina ka m'manja ka Sega koseweretsa magemu, ndili ndi Denver Nuggets yokha basi, osasintha timu ngakhale zithine bwanji. Mu gemuyi muli matimu 27 monga momwe NBA, ligi ya basiketibolo ya ku America, inalili pamene gemuyi imatuluka, Toronto ndi Vancouver asanalowe mu 1995. Ndizilemba pano mmene zikuyendera kuti amene ali ndi kamakina ngati aka apezepo kanthu.

Makinawo ananditumizira ndi achimwene a ku Joni, anawagula pa zakale pamodzi ndi katiriji yake. Atafika sikirini inali yoderako zedi moti umayenera kuipendeketsa kuti uone kanthu, mawu ndiye kunalibiretu. Limeneli ndi vuto lodziwika pa ma Game Gear pafupifupi onse atsala panowa, ma capacitor, tizipangizo tosunga moto timene Sega inaikamo, amadontha akakalamba ndipo madzi akewo amadya bolodi pang'onopang'ono. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mafoni mumsika, anaitsegula ine ndili pompo, ndipo poika chitsulo chowotchera panatuluka kafungo ka nsomba, anati ndiye chizindikiro chake chimenecho. Anasintha ma capacitor onse, a pa bolodi yaikulu, ya mawu ndi ya moto, n'kupukuta ndi sipiriti. Pano ikuwala bho. Katiriji nayo ndaipukuta mano ake ndi kathonje konyowetsa sipiriti, ikuyaka kamodzi n'kamodzi.

Kwa amene simunayisewerepo: NBA Jam inatuluka mu 1993 m'makina oponya ndalama a kampani ya Midway ku America, amene anatsogolera kuipanga ndi Mark Turmell. Ya pa Game Gear inabwera mu 1994 limodzi ndi ya Super Nintendo ndi Genesis kudzera ku Acclaim. Si basiketibolo ya anthu asanu mbali iliyonse ayi, ndi awiri kwa awiri. Kulibe faulo, mutha kumukankha munthu n'kugwa chagada palibe wokuimbirani wezulo, mpira sutuluka panja, malamulo amene atsala ndi awiri okha, masekondi 24 oti muponye ndi lija loletsa kugwira mpira pamene ukutsika kulowa mu ringi. Osewera amadumpha mpaka kupitirira bolodi. Ndiye kukoma kwake kumeneko.

Denver ndaisankha chifukwa cha Dikembe Mutombo. Anamwalira pa 30 Sepitembala 2024 ndi khansa ya mu ubongo ali ndi zaka 58, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikumuganizira munthu ameneyu. Mwana wa ku Kinshasa, wamtali mamita 2.18, anaphunzira ku Georgetown, Denver inamutenga pa nambala 4 mu 1991, ndipo ndalama zake anakamangira chipatala kwawo chimene anachipatsa dzina la mayi ake, Biamba Marie Mutombo, chinatsegulidwa mu 2007. Mu gemu ali ndi LaPhonso Ellis. Anthu ambiri sasankha timu imeneyi, amathamangira Charlotte ya Larry Johnson ndi Alonzo Mourning kapena Chicago, poti Mutombo sathamanga kwambiri ndipo za mapointi atatu si zake. Koma difensi yake ndi yodzadza, ndipo ndikufuna ndione ngati gemu imene aliyense amaidziwa chifukwa cha madanki, kudumpha n'kukankhira mpira mu ringi ndi dzanja, ingathe kumalizidwa ndi munthu wotchinga.

Lachiwiri

Vuto loyamba si matimu ayi, ndi zala. Gemuyi imafuna mabatani atatu, loponyera, lopatsira ndi la turbo loonjezera liwiro ndi mphamvu, pamene Game Gear ili ndi mabatani awiri okha kuphatikiza Start, ndiye turbo ili pa Start, kabatani kakang'ono kali pamwamba pa awiri aja kudzanja lamanja. Chala chachikulu chimodzi sichingagwire turbo n'kuponya nthawi imodzi bwinobwino, ndipo popanda turbo palibe danki yoopsa, palibe kukankha, palibe kudumpha kwa mphamvu. Njira imene ndapeza ndi yopinda chala cholozera kuchokera pamwamba pa makina kuti chizikhala pa Start, chachikulu chikhale pa awiri aja, zala zitatu zotsalazo zigwire kunsi. Poyamba dzanja limachita dzanzi pakati pa kota yachitatu, koma likuzolowera.

Lachiwiri lake ndi mabatire. Makinawa amadya mabatire 6 a AA ndipo amatha pa maola atatu mpaka asanu, chifukwa kuseri kwa sikirini kuli kachubu kowala kamene kamamwa moto kwambiri. N'chifukwa chake Game Boy inkaposa Game Gear pa nkhani ya batire ngakhale inalibe mitundu, iyo mabatire anayi imayenda nawo masiku. Mabatire otchipa a pa benchi ndaona kuti satha ngakhale magemu angapo, kanyali kofiira kamayamba kuphethira kenako zii. Ndagula otchaja, magulu awiri, lina likamagwira ntchito lina likhale pa chaja, ndipo magetsi akakhalapo ndimasewera pa adaputala. Magetsi akathima ndiye nthawi yabwino yosewera kwenikweni poti mumdima sikirini imaoneka bwino kuposa masana.

Dallas yagwa, Minnesota yagwa. Dallas ya nthawi imeneyo inali timu yovutika, mu sizoni ya 1992-93 inawina magemu 11 okha n'kuluza 71, ndiye Derek Harper ndi Jim Jackson sanandivutitse.

Lachisanu usiku

Lero ndamvetsa chinthu chimene chisinthe kaseweredwe kanga konse. Kompyuta imathandiza timu imene ikutsalira. Mukatsogola kwambiri mumayamba kuphonya mipira yosavuta, ngakhale pansi pa ringi penipeni, pamene a timu inayo akaponya kuchokera pakati pa bwalo umalowa, ndipo akakukankhani kamodzi kokha mpira wagwa. Anaipanga dala choncho kuti gemu izikhala yothinana mpaka sekondi yomaliza, poti mu makina a ndalama munthu amene waluza ndi pointi imodzi amaponyanso kobiri. Ena amadana nazo zimenezi, ine sindikudana nazo, koma ziyenera kudziwika kuti uzisewera nazo mwanzeru.

Ndi Sacramento ndinatsogola kwambiri pofika hafu, kota yachitatu Mitch Richmond anayamba kulowetsa chilichonse chimene wakhudza, mmene timafika kota yomaliza kusiyana kunali kutatha. Ndinawina komabe movutikira. Gemu yotsatira ndi Washington ndinayesa zina, osathamangira kuthawa nawo, kumangokhala patsogolo pang'ono, kumadya masekondi a wotchi ndikakhala ndi mpira, kenako kota yomaliza ndi pamene ndinatsegula zonse. Inayenda mosavuta kwambiri. Ndiye lamulo langa pano ndi loti turbo ndi mphamvu zisungidwe mpaka kumapeto, kota zitatu zoyambirira ndi zongosunga malo.

Milwaukee ndi Philadelphia zapitanso, palibe zambiri zoti ndinene.

Lamulungu

Nkhani ya moto. Wosewera mmodzi akalowetsa katatu motsatizana a timu inayo asanalowetse, amayaka moto, mpira umafuka utsi, turbo siitha, kuponya kwake kumalowa kwambiri, ndipo chachikulu kwa ine n'choti lamulo lija logwira mpira ukutsika limachoka. Motowo umazima a timu inayo akalowetsa. Anthu ambiri akayaka moto amathamangira kukaponya za mapointi atatu basi, koma ndi Mutombo phindu lake lili mbali inayo. Ukayaka umabwerera n'kukaima pansi pa ringi yako, chilichonse chimene aponya umangodumpha n'kuchitola m'mwamba, iwo salowetsa ndiye moto suzima msanga, iwe n'kumapita kukadanka n'kubwereranso.

Kuvuta kwake ndi kufika pa katatu paja. Mnzanga wa kompyuta, Ellis, akagwira mpira amatha kuponya yekha ndipo akalowetsa iyeyo sizionjezera kwa Mutombo. Koma ungathe kumuuza zochita, ukadina batani lopatsira iye ali ndi mpira amakupatsira, ukadina loponyera amaponya. Ndiye ndikumachita chonchi, Ellis atenge mpira poti amathamanga kuposa Mutombo, ine ndithamange wopanda mpira mpaka pafupi ndi ringi, ndiitanitse, ndidanke. Kenako pobwerera kukankha amene ali ndi mpira asanafike pakati pa bwalo. Zikatheka kawiri ndiye kachitatu mtima umagunda zedi, chifukwa kompyuta nayo imaoneka ngati yadziwa, imayamba kupatsirana mwachangu.

Ndinamuonetsa mwana wa achemwali amene amasewera magemu a pa foni, anati anthu ake ndi ang'onoang'ono kwambiri sakuoneka nkhope. N'zoona, sikirini ndi ya mainchesi 3.2, timadontho 160 kwa 144, munthu umamuzindikira ndi msinkhu ndi mtundu wa jezi basi. Koma atagwira makinawo n'kukankha munthu koyamba anaseka mpaka anakana kubweza.

Lachinayi

Ndaima pa Golden State. Tim Hardaway ndi Chris Mullin ndi mtundu wa timu imene Denver imavutika nayo, aafupi, othamanga, oponya patali. Mutombo pansi pa ringi alibe ntchito ngati anthu sakubwera pansi pa ringi. Hardaway amandidutsa ngati njinga ya kabaza pakati pa ma minibasi, ndikamatembenuka wapatsira kale Mullin pakona, atatu alowa. Ine ndikalowetsa ziwiri iwo zitatu, masamu ake sakomera ine.

Palinso vuto la sikirini. Ma sikirini akale amenewa amasiya chithunzithunzi zinthu zikamayenda mwachangu, ndiye Hardaway akathamanga ndi turbo mpira ndi munthu zimasakanikirana, sudziwa ngati wapatsira kapena akadali nawo. Ndachepetsa kuwala pa kagudumu kam'mbali ndipo zathandizako pang'ono. Ena amasinthiratu sikirini n'kuikamo yatsopano ya masiku ano imene imasunganso batire, ndaganizirapo koma ndikufuna ndimalize ntchitoyi pa sikirini imene anthu ankaseweretsa mu 1994.

Sindinawine lero. Ndazimitsa.

Loweruka m'mawa

Golden State yagwa!! Chimene chasintha ndi malo oima. M'malo modikira pansi pa ringi ndamutulutsa Mutombo kukaima pa mzere wa mapointi atatu, ndipo sindikuthamangitsanso Hardaway, ndikumusiyira Ellis, ine ndikumamatira Mullin. Akalandira mpira osadumpha msanga, chifukwa kompyuta imanamiza, imachita ngati ikuponya iwe n'kudumpha iyo n'kudutsa. Kudikira mapazi ake achoke pansi ndiye turbo ndi kudumpha limodzi, dzanja la Mutombo limafika. Ndipo akangoima ndi mpira osaponya, kumukankha basi. Kukankha kumadya turbo, ndiye pobwerera kumbuyo ndikuyenda wamba kuti kamzere ka turbo kadzaze, ndisafike pa munthu ndilibe mphamvu. Kale ndinkangopanikiza Start nthawi zonse, pano mwina theka la gemu chala chili m'mwamba.

Njira yomweyo yagwiranso pa Indiana kwa Reggie Miller ndi pa Cleveland kwa Mark Price, ngakhale Cleveland ili ndi Brad Daugherty amene amatola mipira yobwerera ukatuluka pansi pa ringi, ndiye pamenepo uyenera kuthamanga kubwerera ukangotchinga. Theka la matimu ladutsa tsopano.

Poyang'ana mayina a matimu pali zinthu zimene zimandigwira mtima. New Jersey ili ndi Derrick Coleman ndi Kenny Anderson, koma mu makina a ndalama munali Drazen Petrovic wa ku Croatia, anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Germany mu Juni 1993 gemu itatuluka kale, ndiye ku ma katiriji anamuchotsa. Boston chimodzimodzi, Reggie Lewis anagwa n'kumwalira ndi mtima pochita masewera olimbitsa thupi mu Julayi chaka chomwecho. Ena kulibe pa zifukwa za ndalama, Michael Jordan sali mu gemuyi chifukwa dzina ndi chithunzi chake ankagulitsa payekha osati kudzera ku ligi, n'chifukwa chake Chicago ili ndi Scottie Pippen ndi Horace Grant. Shaquille O'Neal anali mu makina a ndalama koma ku katiriji kulibe, Orlando yanga ili ndi Nick Anderson ndi Scott Skiles, ndipo kunena zoona zimenezi zandipepukitsira ntchito, Orlando yopanda Shaq ndinaidutsa osatuluka thukuta.

Detroit ya Isiah Thomas ndi Bill Laimbeer inandikumbutsa nkhani ija Turmell anadzavomera yekha patapita zaka, kuti poti iye ndi wokonda Detroit Pistons anaika mu gemu ya makina a ndalama kachinsinsi koti Chicago ikamasewera ndi Detroit n'kuponya mpira wa sekondi yomaliza gemu ili yothinana, uziphonya. Munthu kukonda timu yake mpaka kuilowetsa m'kati mwa makina, ine ndimamumvetsa.

Lachitatu

Atlanta, Miami, ma timu awiri a ku Los Angeles, zonse zatheka. Dominique Wilkins amadanka koopsa koma amabwera molunjika, ndiye Mutombo amamudikira. Portland inandigwira kamodzi chifukwa cha Clyde Drexler, kachiwiri ndinaipeza. Dzanja silikupwetekanso.

Lolemba usiku

Seattle. Gemu imeneyi ndakhala ndikuidikira kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndilembapo zambiri chifukwa ndi pamene pali mtima wa ntchito yonseyi.

Katirijiyi itangotuluka kumene, mu ma playoff a 1994, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni, Denver inakumana ndi Seattle mu raundi yoyamba. Seattle inali itawina magemu 63, yoposa matimu onse mu ligi chaka chimenecho, pamene Denver inalowa pa nambala 8 ndi magemu 42. Nthawi imeneyo raundi yoyamba inali ya magemu asanu. Seattle inawina awiri oyamba kwawo, aliyense anati zatha. Denver inabweza awiri ku Denver, kenako n'kukawina wachisanu ku Seattle komweko pa nthawi yoonjezera, 98 kwa 94, kukhala timu yoyamba ya nambala 8 kutulutsa ya nambala 1 mu mbiri ya NBA. Mutombo anatchinga mipira 31 m'magemu asanu amenewo. Chithunzi chimene chinatsala ndi cha iyeyo atagona chagada pansi pa ringi atakweza mpira ndi manja awiri, nkhope yonse ili chisangalalo ndi misozi. Amene anapanga gemuyi sankadziwa kuti zimenezi zichitika, anangomupatsa kamzere ka difensi kodzadza n'kumusiya.

Mu gemu Seattle ili ndi Shawn Kemp ndi Detlef Schrempf, ndipo ndi yovuta mbali zonse, Kemp amauluka, Schrempf amaponya patali, ndiye njira zanga ziwiri zija, yodikira pansi pa ringi ndi yotuluka panja, iliyonse imasiya khomo lotsegula. Ulendo woyamba Kemp anayaka moto mu kota yachiwiri ndipo sindinathe kumuzimitsa msanga, kusiyana kunakula, thandizo la kompyuta linandibweretsa pafupi koma nthawi inatha. Ndinakhala kaye pansi kuganiza. Chimene ndinaona n'choti Kemp safuna mpira ali chiimire, amaufuna akuthamanga, ndipo amene amamupatsa ndi Schrempf. Ndiye m'malo molimbana ndi danki imene yanyamuka kale, ndinayamba kumukankha Kemp asanalandire n'komwe, iye ali pansi Schrempf amatsala yekha ndi Ellis ndipo amakakamizika kuponya, ine n'kukhala ndafika kale kudzatola wobwerera.

Kota yomaliza tinalowa ndikutsalira ndi mapointi awiri. Ndinadanka, ndinamugwetsa Kemp pakati pa bwalo mpira n'kugubuduka, Ellis anautola, ndinaitanitsa, ndinadankanso. Iwo akubwera, Schrempf ananyamuka pakona, ndinafika mochedwa pang'ono koma nsonga ya dzanja inaukhudza, mpira n'kugwera kwa Ellis. Wachitatu sindinadanke poti turbo inali itatha, ndinangouika pafupi, unazungulira pa ringi n'kulowa, utsi n'kuyamba. Masekondi otsalawo ndinaima pansi pa ringi yanga ndipo palibe chimene chinadutsa, Kemp anabwera kawiri, kawiri konse mpira unatsala m'manja mwa Mutombo. Kanyali ka batire kanali katayamba kale kuphethira, ndinalemba zotsatira mu kope mwachangu makina asanazime. Kunyumba anthu anali atagona ndiye ndinakuwa cham'kati basi, koma chala ndinachigwedeza ndithu ngati mmene ankachitira Mutombo mwini wake akatchinga.

Lachisanu

Utah ya Karl Malone ndi John Stockton yadutsa koma inandiba mipira yambiri, Stockton ukangoyenda ndi mpira pafupi naye watenga, ndiye ndi iyeyo osadribula, kupatsirana basi. San Antonio ya David Robinson yadutsanso.

Houston ndiye yandiimitsa pano. Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos, ndi yekhayo mu mbiri ya NBA amene anatchinga mipira yambiri kuposa Mutombo, 3,830 pamene Mutombo ali ndi 3,289, ndipo mu 1994 momwemo anatenga ligi ndi Houston n'kukhalanso wosewera wopambana wa sizoni. Mu gemu amachita zonse zimene Mutombo amachita koma ndi liwiro loposa, ndikanyamuka kukadanka amakhala ali kale m'mwamba, ndipo ndikamusiya kuti ndikatseke Vernon Maxwell panja iye amalowa pakati. Magemu athu akumatha ndi mapointi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ena onse, anthu awiri a ku Africa kumangobwezerana mipira pansi pa ringi. Ndikuganiza kuti yankho lili kwa Ellis, ndimukoke Olajuwon ndi Mutombo kupita naye kumbali imodzi kenako ndimuuze Ellis aponye yekha kwinako, ngakhale zitanthauze kuti moto sindiyaka gemu yonse.

Otsala ndi Houston, Charlotte, New York ya Patrick Ewing ndi John Starks, Phoenix ndi Chicago, awiri omalizawo ndi amene anakumana mu fainolo ya 1993 imene Chicago inawina magemu 4 kwa 2. Batani la Start layamba kulimba, nthawi zina silikubwerera msanga ndikalisiya ndipo turbo ikumatha ndisakufuna, ndiye mawa m'mawa ndipita nayo kwa mkulu uja akaone kalabala kake kam'kati ndisanayambirenso Houston.